Makwerero ndi Makatani a m'Cipatala

Madzulo ano ndifuna kukamba za anthu amene sitiwakumbukira kawirikawiri, ndiwo anchito amene amapacika ndi kutsitsa makatani m'zipatala zathu.

Yense amene anagonapo m'cipatala, kaya ku Chipata Central, kaya ku Mwami kumene a Adventist anayamba nchito m'caka ca 1927, kaya ku St Francis ku Katete kumene kunatsegulidwa m'caka ca 1948, adziwa nsaru imene acinga nayo kama pamene dotolo apima wodwala. Nsaru imeneyi isunga ulemu wa munthu. Koma manja ambiri aigwira tsiku ndi tsiku, ndipo tizirombo ta matenda tikhalira pomwepo. Cifukwa cace iyenera kutsitsidwa ndi kucapidwa kawirikawiri. Tsono citsulo cimene ipacikidwapo ciri m'mwamba, ndipo wina ayenera kukwera.

Mlongo wanga anagwira nchito yoyeretsa m'cipatala cina, cimene sindicichula dzina. Tsiku lina m'mawa makwerero anali ku wadi yina, ndipo iye, pofuna kutsiriza asanafike madotolo, anakwera pa kakabati ka wodwala. Pansi panali pongokolopa kumene. Kakabatiko kanatererera kumbali, iye nagwa, natyoka pfupa la dzanja. Anagoneka ana ndi njala? Ai, koma milungu yambiri sanathe kutunga madzi kapena kuphika nsima, ndipo munda wace unalimidwa ndi abale.

Musayese kugwa cinthu cacing'ono. M'caka ca 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena kuti anthu ngati 684,000 amafa caka ndi caka cifukwa ca kugwa, ndi kuti pa imfa za ngozi, ngozi za pamseu zokha ndizo ziposa kugwa.

Nanga ticite ciani? Coyamba, musakwere pa mpando, pa kabati, kapena pa kama wa mawilo. Funani makwerero aja a miyendo inai, muwatambasule kufikira atakhazikika, ndipo muone ngati palibe potyoka. Caciwiri, sinthani makatani asanakolope, kapena dikirani kuti pansi paume. Ndipo bvalani nsapato zogwira phazi, osati mapatapata. Cacitatu, musaime pamwamba peni peni pa makwerero, ndipo pokwera ndi potsika mapazi awiri ndi dzanja limodzi, kapena manja awiri ndi phazi limodzi, zikhale zogwira makwererowo. Cacinai, musasendamire kumbali kufuna kufikira ngowe yakutali. Tsikani, sunthani makwerero, mukwerenso. Anthu ambiri agwa cifukwa ca ngowe imodzi yotsiriza. Paja akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacisanu, mukhale awiri. Mmodzi akwere, mnzace agwire makwerero ndi kulandira nsaru. Katani wamkuru ndi wolemera, ndipo wokwera naye paphewa angaponde nsonga yace. Mutu umodzi susenza denga.

Koma nzeru yopambana zonse ndiyo yakuti munthu asakwere konse. M'zipatala za maiko ena asoka katani pawiri: gawo lam'mwamba likhalira pacitsulo, ndipo gawo lam'munsi, limene manja aligwira, lilumikizidwa ndi mabatani pamene munthu afikira ataimirira pansi. Potero wanchito angomasula mabatani ndi kutumiza nsaru kocapa. Kodi atelala athu a ku msika wa Kapata angalephere kusoka zotere? Ndiyesa kuti ai.

Kwa inu akuru oyang'anira zipatala ndinena mwaulemu: makwerero amodzi sakwanira mawadi onse. Boma la Zambia linaika lamulo la cipukuta misozi ca obvulala pa nchito m'caka ca 1999, ndi lina la citetezo ca anchito m'caka ca 2010; koma kugula makwerero kuposa kulipira dzanja lotyoka. Ndipo inu anchito, mukagwa musabise cifukwa ca mantha kapena manyazi. Uzani wamkuru wanu tsiku lomwelo kuti zilembedwe, pakuti ngozi yobisika idzagwetsanso mnzanu mawa.

Munthu wobwera kudzatumikira odwala asasanduke wodwala iye mwini.