Maso a Anthu Opita Mumlengalenga

 M'sewero la pa wailesi lija munamva mwana akufunsa mayi ake kuti kodi anthu opita mumlengalenga amadwalanso? Lero tiyankhe funso limeneli, makamaka pa nkhani ya maso.

Kumwamba uko, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, kuli nyumba yochitiramo kafukufuku yotchedwa International Space Station. Anthu akhala akusinthana kukhalamo kuyambira m'chaka cha 2000, ndipo ambiri amakhalamo miyezi isanu ndi umodzi.

Pansi pano magazi ndi madzi a m'thupi amakokeredwa ku miyendo. Nchifukwa chake mayi woyembekezera akaima nthawi yaitali mapazi amatupa. Kumwambako zinthu zimangoyandama, choncho madzi aja amathamangira kumutu. Nkhope imatupa, miyendo nkuonda.

Nanga maso amatani? Mwa anthu ena kumbuyo kwa diso kumaphwatalala, ndipo mtsempha wochoka m'diso kupita ku ubongo umatupa. Munthu amayamba kuvutika kuwerenga kapena kuona zinthu zapafupi. M'chaka cha 2005, John Phillips wa ku America anaona kuti maso ake ayamba chimbuuzi ali komweko. Atabwerera, madokotala anapeza kuti diso lake lasinthadi. M'chaka cha 2011 madokotala anafalitsa zimene anapeza atayeza anthu asanu ndi awiri, komanso atafunsa ena pafupifupi 300. Mwa anthu khumi aliwonse amene anakhalitsa kumwambako, asanu ndi mmodzi anati sankaonanso bwino. Vutoli tsopano limatchedwa SANS. Ena amachira akatsika, koma ena maso sabwerera mwakale ngakhale patapita zaka.

Masiku ano maso awo amayezedwa asananyamuke, ali kumwambako, ndiponso akabwerako. M'nyumba muja amasungamo magalasi owerengera. Anthu a ku Russia ali ndi chovala chonga buluku chotchedwa Chibis, chimene chimakokera madzi a m'thupi ku miyendo. Akatswiri a bungwe la NASA anapezanso kuti vutoli limakhudzana ndi chibadwa cha munthu pamodzi ndi kuchepa kwa mavitamini a gulu la B, monga folate. Vitamini ameneyu alinso m'mapiritsi oonjezera magazi amene mumalandira kuno mukakhala ndi pakati.

Ntchito yonseyi ili ndi chifukwa chake. Ulendo wopita ku Mars ndi kubwerako ungatenge zaka zoposa ziwiri, ndipo m'njiramo mulibe chipatala. Munthu atasiya kuona bwino, angayendetse bwanji chombo?

Amayi, vutoli linadziwika chifukwa anthuwo ananena zimene ankamva m'maso mwawo. Inunso musabise. Mayi woyembekezera akayamba kuona chimbuuzi, mutu ukupweteka kwambiri, nkhope itatupa, gwero lake ndi lina: kungakhale kuthamanga kwa magazi. Musadikire tsiku la sikelo. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo.