MSODZI NDI BWATO LAKE

Mau awa anakambidwa pa Manjawira, m'dera la Mfumu Phambala m'boma la Ntcheu, pamaso pa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi yozungulira.



Ena mwa inu adabwa pakumva kuti nkhani ya lero ndi ya mabwato, popeza kuno ku Manjawira kulibe nyanja. Koma taonani usipa, utaka ndi kambuzi zimene amai amagula pa msika. Zambiri mwa nsomba zimenezi zimachokera ku Mangochi ndi ku Malombe, kudzera ku Liwonde ndi ku Balaka, ndipo zonsezo zinayamba zakwera bwato zisanakwere galimoto. Ndiponso alipo anyamata a kumtunda kuno amene akatha kukolola amatsikira ku nyanja kukagwira nchito ya ulovi. Usiku uli wonse moyo wao umakhala m'bwato la munthu wina. Chifukwa chake nkhaniyi ndi yanunso.

CHUMA CHA MSODZI

Mngoni wa ku Ntcheu safuna womuphunzitsa kukonda ng'ombe. Amadziwa iri yonse m'khola mwake, yofatsa ndi yaukali, ndipo imodzi ikatsimphina sagona tulo. Msodzi ali chimodzimodzi ndi bwato lake. Kwa iye bwato ndilo munda, ndilonso nkhokwe. Amadziwa mbali imene limapendekera, pamene linang'ambika kale, ndi katundu amene lingathe kusenza. Pa gombe pangakhale mabwato makumi asanu, koma iye amalizindikira lake ali patali. Eni maboti a matabwa amawapaka utoto wowala, nalembapo dzina la mwana, la mudzi, kapena mau a chipembedzo. Ambiri sakonda kubwereketsa bwato ngakhale kwa mlamu wao, pakuti wobwereka sasamala pamene pali mwala.

Chikondi chotere chimapezekanso m'maiko ena. Ku America kuli anthu ambiri amene amawedza nsomba dzina lake bass, osati chifukwa cha njala koma monga masewera. M'chaka cha 1968 munthu wina dzina lake Ray Scott anayambitsa bungwe la awedzi amenewa ku Alabama, ndipo mpaka lero amachita mipikisano. Maboti ao ndi a injini zazikulu. Akabwera ku madzi amawatsuka, nawapukuta mpaka anyezimire, nawafunditsa nsaru. Masewera amenewa aliponso pa madamu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Tsono ngati munthu asamala chotero chinthu chosewerera, koposa kotani msodzi wa ku Malombe amene ana ake amadya ndi kubvala chifukwa cha bwato?

KUMENE BWATO LICHOKERA

Bwato silimera m'madzi. Limachokera ku mtunda, ku mtengo waukulu woongoka. Kale amisiri ankasankha mbawa, chonya, mtondo kapena mlombwa, mitengo yolimba yosaola msanga. Mmisiri ankakhala m'thengo masiku ambiri ndi nkhwangwa ndi nsompho, akugoba m'kati pang'onopang'ono, akugogoda m'mbali kuti amve ngati zafika pa muyeso. Akapepula kwambiri bwato limasweka, akasiya pochindikala limalemera popalasa. Likatha, mudzi wonse unkapita kukalikoka ndi zingwe, mwini wake ataphikitsa thobwa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Lero mitengo yotere yasowa. Amisiri ambiri akusema mabwato a mtengo wa mango ndi bulugamu, ndipo mabwato amenewa sakhalitsa monga a mbawa. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene kale unali wabwino pokhomera maboti chifukwa suola ndi madzi, watsala pang'ono kutheratu, ngakhale unasankhidwa m'chaka cha 1984 kukhala mtengo wa fuko lathu. Inu nonse mumaona matumba a makala m'mbali mwa mseu uwu wa ku Zalewa. M'matumba amenewo mukupsya mitengo imene ikadakula ikadakhala matabwa, mipini ndi mabwato. Mtengo ukasowa, bwato limakwera mtengo. Bwato likakwera mtengo, nsomba pa msika wa Manjawira nazonso zimakwera.

KASAMALIDWE KA BWATO

Popeza bwato latsopano ndi lobvuta kulipeza, msodzi wanzeru amasunga limene ali nalo. Asodzi akuluakulu amatsata njira izi.

Choyamba ndi kulichinjiriza ku dzuwa. Mtengo ukanyowa usiku ndi kuuma mwadzidzidzi masana, umang'ambika. Chifukwa chake bwato likatuluka m'madzi aliike pa mthunzi, kapena alifunditse udzu ngakhale masamba a mgwalangwa.

Chachiwiri ndi kakokedwe. Bwato lokwakwazidwa pa miyala ndi pa mchenga tsiku ndi tsiku limaperepeseka pansi mpaka kubooka. Msodzi wosamala amayala tizipika pansi, bwato nkumayenda pamwamba pake. Likakhala pa mtunda masiku ambiri amalikweza pa mitengo, kuopa chiswe ndi chinyontho cha pansi.

Chachitatu ndi ukhondo. Mamba, matumbo a nsomba, mchenga ndi madzi a mvula zikagona m'bwato zimaoletsa mtengo kuyambira m'kati, pamene diso siliona. Ulendo uli wonse ukatha, akape madzi onse ndi kulitsuka asanapite kukagona, ngakhale atatopa.

Chachinai ndi ming'alu. M'mera mpoyamba. Mng'alu wolowa nsonga ya mpeni lero udzalowa chala mwezi wa mawa. Msodzi auyeretse, audikire uume, atsekemo thonje kapena chiguduli chobviika m'phula, ndipo pamwamba akhomerepo kachigamba ka chitini kapena ka chigubu. Phula lopaka pa mtengo wonyowa siligwira. Ambiri amalakwa pamenepa chifukwa cha phuma lofuna kubwerera pa nyanja.

Chachisanu ndi cha eni maboti a matabwa. Chaka chiri chonse aliuule botilo, alipale, achotse thabwa loola ndi misomali ya dzimbiri, ndipo alipake utoto watsopano. Utoto suli wokongoletsa chabe ai. Umatseka mtengo kuti usamwe madzi.

Chachisanu ndi chimodzi ndi injini. Injini zambiri za pa nyanja zimafuna petulo wosakaniza ndi oilo, ndipo muyeso wake ndi umene analemba opanga injiniyo, osati wongoganizira. Wochepetsa oilo pofuna kusunga ndalama adzagula injini ina. Injini imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo, tsono woyendetsa ayang'ane kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo. Kakaleka, azimitse pomwepo. Asailize iri pa mtunda, aitukule pofika posaya, ndipo achotse ulusi wa ukonde umene umakulungika ku chopalasira chake. Ngakhale injini ikhale yatsopano, nkhafi zisatsale pa gombe.

Achinyamata ofuna kudziwa bwino nchito zimenezi akumbukire kuti ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, kuli sukulu ya Boma yophunzitsa za usodzi.

NTHAWI YOPUMITSA NYANJA

Nthawi yabwino yokonza bwato ndi imene nyanja yatsekedwa kuti nsomba ziswane. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, anthu a Mfumu Makanjira akhala akusunga mwambo umenewu kuyambira zaka za m'ma 1950. Usodzi umatsekedwa m'mwezi wa December ndi kutsekulidwa m'mwezi wa April. M'miyezi imeneyi nsomba zimaswana, mabwato amauma ndi kumatidwa, ndipo asodzi amalima.

Ku Malombe zinayenda mwa njira ina. Mabwato ndi maukonde a maso ang'onoang'ono anachuluka, ndipo pofika chaka cha 1993 chambo chinali chitachepa kwambiri. M'chaka chimenecho Boma linayamba kugwira nchito pamodzi ndi asodzi kudzera m'makomiti a pa gombe, ndipo m'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano losamalira nsomba. Phunziro lake ndi ili: bwato lopakidwa utoto wokongola liribe phindu pa nyanja yopanda nsomba. Wokonda bwato lake ayenera kukondanso madzi amene limayendamo.

BWATO NDI MOYO WA ANTHU

Kuyambira mwezi wa May kufikira August pa nyanja pamaomba mphepo ya mwera, imene imautsa mafunde akulu m'kanthawi kochepa. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo ndiponso yatsopano, inagubuduka ndi mphepo kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Florence Bay kumene lero kumachedwa Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati nyanja inamiza sitima yotere, kodi bwato la mango lokhala ndi zigamba zisanu lingalimbane nayo? Msodzi wodziwa amayang'ana mitambo asanalowe m'madzi, sadzaza bwato kufikira m'milomo ngakhale usipa uchuluke, salola woledzera kugwira nkhafi, ndipo sayenda wopanda chokapira. Mwini boti wokonda alovi ake amawagulira majekete oyandamitsa asanagule wailesi.

MAU KWA ANTHU A MANJAWIRA

Inu makolo, mwana wanu akatsazika kuti akupita ku nyanja, musangomuuza kuti adzatumize ndalama. Muuzeni kuti asanabvomere nchito aone bwatolo masana. Aone ngati liri louma m'kati, ngati zigamba zake zagwira, ngati muli nkhafi ndi chokapira. Mwini wosasamala bwato sadzasamalanso mlovi. Ndipo mwana wosadziwa kusambira aphunzire poyamba m'madzi osaya.

Inu mafumu, chinjirizani mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, pakuti mbawa ndi chonya zimakonda malo otere, ndipo mizu yake imagwira nthaka kuti isakokoloke kupita ku Shire.

Inu aphunzitsi, mvula ikayamba atengeni ana a sukulu abzale mbawa, mwana ali yense mtengo wake, ndipo authirire ndi kuutetezera ku mbuzi ndi ku moto. Muwauze zoona, kuti mbawa imakula pang'onopang'ono, ndi kuti wobzalayo kapena sadzaidula yekha. Adzaidula ndi mdzukulu wake, monga momwe asodzi okalamba a lero anapalasira mabwato a mitengo imene makolo ao anaisiya iri chiriri.