MAKINA OUNIKIRA M'THUPI: ZIMENE MAYI AYENERA KUDZIWA

Tisanayambe kuyeza ana, tiyeni tikambirane za makina ojambula za m'kati mwa thupi, ntchito imene ambiri timangoitchula kuti kuunika. Alipo amayi ena amene amaopa makinawa, kotero kuti adokotala akanena kuti mwana akajambulidwe, iwo amabwerera naye kumudzi mwakachetechete. Aliponso ena amene amaumirira kuti mwana aunikidwe nthawi zonse, poganiza kuti kujambulako ndiko kuchiza. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika. Makinawa sachiza matenda, ndiponso si oyenera kuwathawa. Ntchito yake ndi kuthandiza adokotala kuona chimene chabisika.

EKISIRE

Ekisire idatulukiridwa m'chaka cha 1895 ndi Wilhelm Röntgen, mumzinda wa Würzburg ku Germany. Iye adapeza kuti pali kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kumene kumapyola khungu ndi mnofu koma kumatsekerezedwa ndi mafupa. Nchifukwa chake pa chithunzi mafupa amaoneka oyera, pamene mapapo, pokhala odzala ndi mpweya, amaoneka akuda. Mapapo akagwidwa ndi matenda, malo odwalawo amaoneka ngati kamtambo koyera.

Kuno ku Dedza, makamaka kumtunda monga ku Bembeke ndi ku Chongoni, kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Ana amagona pafupi ndi moto m'nyumba zautsi, ndipo chifuwa chimachuluka. Komatu si chifuwa chilichonse chimene chimafuna ekisire. Kawirikawiri chibayo chimadziwika powerenga kapumidwe ka mwana. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma maulendo 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma maulendo 40 kapena kuposerapo, ndiye kuti akubanika. Wotereyu, pamodzi ndi amene pachifuwa pake pakulowa m'kati akamapuma, afunika chithandizo tsiku lomwelo, chithunzi chilipo kapena palibe.

Ekisire imafunika pa nthawi monga izi: pamene mwana sakupeza bwino ngakhale wamwa mankhwala, pamene wagwa ndipo pali chikayiko chakuti fupa lathyoka, pamene wameza ndalama, msomali kapena kabatire kakang'ono ka wotchi, kamene kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndiponso pamene akuganiziridwa chifuwa chachikulu. Pa nthenda yotsirizayi chithunzi ndi chofunika koposa, popeza mwana wamng'ono satha kutulutsa makhololo oti akayezedwe monga achitira wamkulu. Ngati mwana watsokomola masabata awiri, sikelo yake yaima kapena ikutsika, ndipo pakhomo pali wodwala chifuwa chachikulu, musazengereze. Nthendayi imachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

KODI EKISIRE NDI YOOPSA?

Funso limeneli ndi lanzeru, pakuti safunsa adadya phula. Kuwala kwa mtundu umenewu tonse timakulandira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi m'mlengalenga. Chithunzi chimodzi cha pachifuwa chimapereka mlingo wofanana ndi umene munthu amalandira mwachilengedwe pa masiku pafupifupi 10. Sichiumitsa magazi, sichichititsa usabereka, ndipo kuwalako sikutsalira m'thupi. Mayi woyamwitsa akhoza kuyamwitsa atangotuluka m'chipindamo.

Komabe thupi la mwana, popeza lidakakula, limafuna kusamalidwa kuposa la wamkulu. Choncho sajambulidwa popanda chifukwa, ndiponso sabwerezedwa mwachisawawa. M'chaka cha 2011 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu zoterezi, ndipo ojambula amachita kuphunzira ntchitoyi, monga ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Mukaona wojambula akubisala kuseri kwa khoma musadabwe. Inu mwabwera kamodzi, pamene iye amajambula anthu ambiri tsiku lililonse kwa zaka zambiri.

SIKANI YA AMAYI OYEMBEKEZERA

Sikani ndi yosiyana ndi ekisire. Iyo sigwiritsa ntchito kuwala ayi, koma phokoso limene khutu la munthu silingamve. Monga mawu amabwerera munthu akafuula pafupi ndi thanthwe la phiri la Dedza, momwemonso phokosoli limagunda mwana ali m'mimba nkubwerera, ndipo makina amalisandutsa chithunzi. Njirayi idafalitsidwa ndi dokotala Ian Donald wa ku Glasgow m'chaka cha 1958. Sipweteka, azamba amangopaka mafuta ozizira pamimba ndi kuyendetsapo kachipangizo.

M'chaka cha 2016 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti mayi aliyense aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24, ndiponso kuti aonane ndi azaumoyo maulendo 8 asanachire. Sikani ya msanga imasonyeza msinkhu weniweni wa mimba, ndiponso ngati muli mapasa. Pambuyo pake ikhoza kusonyeza mwana amene wagona mopingasa, kapena nsengwa imene yatseka njira. Mayi wa ku Mayani kapena ku Lobi akadziwa zimenezi nthawi ilipo, amapita kuchidikiro msanga, mmalo moyamba kufunafuna galimoto usiku matenda atayamba kale. Cholinga cha sikani ndi chimenechi, osati kungofuna kudziwa ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi.

ZIMENE ZASINTHA

Kale chithunzi chinkatsukidwa m'chipinda chamdima, ndipo wodwala ankachinyamula m'envulopu yaikulu. Makina atsopano amachionetsa pa kompyuta nthawi yomweyo. Popeza madokotala odziwa kwambiri kumasulira zithunzi ndi ochepa m'dziko muno, njira imeneyi imalola kuti chithunzi chitumizidwe kwa katswiri amene ali kutali, wodwala osayenda. M'chaka cha 2021 bungwe la WHO lidavomerezanso kuti kompyuta izithandiza kuwerenga zithunzi pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 ndi kuposerapo. Koma wolamula mankhwala ndi munthu amene wamuona mwanayo ndi kumva mbiri ya matenda ake kuchokera kwa inu.

Aliponso makina akuluakulu, otchedwa CT ndi MRI, ofuna akatswiri a ku zipatala zazikulu. M'chaka cha 2008 makina a MRI adaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 2015 madokotala a kumeneko adasonyeza kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo okomola amakhala atatupa ubongo. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti mwana wotentha thupi amene wayamba kukomoka ayenera kuthamangira naye kuchipatala, osati kuyamba mwapita kwina. Ndipo azaumoyo akakutumizani kuchipatala cha boma cha Dedza, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, pitani pa tsiku limene mwauzidwa.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Ngati muli ndi pakati, kapena mukukayika, nenani musanalowe m'chipinda cha ekisire, ngakhale wojambulidwayo ndi mwana wanu. Wina amugwire m'malo mwanu.
2. Mvuleni mwana mikanda, zithumwa ndi zovala za zitsulo, chifukwa zimabisa matenda pa chithunzi.
3. Valani chovala cholemera chodzitetezera chimene akupatsani, ndipo mgwireni mwana kuti asagwedezeke. Akagwedezeka, chithunzi chimabwerezedwa.
4. Tengani buku la kuchipatala la mwana, ndipo nenani ngati adajambulidwapo kale.
5. Musapite kwanu musanabwerere kwa amene adakutumizani kuti akuuzeni zotsatira.

Mukafika kunyumba mukawafotokozerenso abambo ndi agogo a ana, popeza nthawi zambiri ndiwo amapereka chilolezo ndi ndalama za ulendo. Ngati pali mafunso, funsani tsopano tisanayambe kuyeza ana.