Galu Akayamba Kuthothoka Ubweya: Zoyambitsa ndi Zoyenera Kuchita

Awa ndi mawu amene anakonzedwa kuti akambidwe pa misonkhano ya makomiti a chitukuko m'midzi ya ku Mitundu ndi Nathenje. Asindikizidwa pano kuti nawonso amene sanafike pa msonkhano awawerenge.



Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu umanena za nzeru za munthu wachikulire, koma lero ukhoza kumvekanso mmene mawu ake alili: galu akamadzikanda usana ndi usiku mpaka ubweya kuthothoka, chilipo chimene chikumudya. Aliyense amene amafika pa msika wa Mitundu, kapena pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, anaonapo agalu otere, a khungu lokhakhala lopanda ubweya, nthiti zili mbee, ntchentche zikuwatsata. Ambiri mwa agaluwa anali ndi mbuyawo, koma atayamba kunyansa anapirikitsidwa pakhomo.

Wina akhoza kufunsa kuti nkhani ya ubweya wa galu ikulowa bwanji pa msonkhano wa chitukuko. Yankho lili patatu. Galu ndiye mlonda wa khola la mbuzi, nkhokwe ndi chigafa cha fodya, ndipo mlonda wodwala salondera. Chachiwiri, ena mwa matenda othothola ubweya amalowa kwa anthu, makamaka ana amene amasewera pakhonde pamene galu amagona. Chachitatu, galu wothamangitsidwa pakhomo amasanduka woyendayenda, ndipo pa tsiku la katemera wa chiwewe palibe womutengera kwa alangizi.

Choyambitsa chofala kwambiri ndi mphere za agalu. Zimabwera ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timakumba khungu n'kuikira mazira m'kati mwake. Galu amamva kuyabwa koopsa, ndipo ubweya umayamba kuchoka m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi kumimba, kenaka khungu limachita nkhanambo. Mpherezi zimafala msanga agalu akamakhudzana kapena kugona malo amodzi. Munthu wonyamula galu wotere akhoza kutuluka tiziphuphu toyabwa m'mikono ndi pamimba, ngakhale kuti tizilomboti sitikhalitsa pa khungu la munthu.

Pali mtundu wina wa mphere umene umagwira kwambiri ana a agalu. Tizilombo take timakhala kale m'mizu ya ubweya wa agalu ambiri popanda vuto, koma timachulukana thupi likafooka chifukwa cha njala, njoka za m'mimba kapena matenda ena. Ubweya umachoka mozungulira maso, kukamwa ndi m'miyendo yakutsogolo, ndipo poyamba galu sadzikanda kwambiri. Mtundu umenewu sulowa kwa anthu. Ukaoneka, ndi chizindikiro chakuti kagaluko kakusowa chisamaliro china.

Chachitatu ndi utitiri, nsabwe ndi nkhupakupa. Utitiri umakonda kumsana, pafupi ndi pamene mchira wayambira, ndipo agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu ake kotero kuti kulumidwa pang'ono chabe amadziluma mpaka kutuluka zilonda. Mazira a utitiri sakhala pa galu: amagwera m'fumbi, m'masaka ndi m'ming'alu ya pakhonde. N'chifukwa chake galu wosambitsidwa lero amadzalanso utitiri pakangopita masiku, ngati pogona pake sipanasesedwe.

Chachinayi ndi zipere. Izi si tizilombo toluma ayi, koma nthenda ya mtundu wa nkhungu imene imadya ubweya n'kusiya zigamba zozungulira, zotuwa, zofundula ngati gaga. Ndi zipere zomwezi zimene zimaoneka m'mitu mwa ana a sukulu. Si chipere chilichonse cha mwana chimene chimachokera kwa galu, pakuti ana amapatsirananso okhaokha kudzera m'zipeso, zipewa ndi malezala ometera. Komabe pakhomo pamene galu kapena mphaka ali ndi zigamba zotere ndipo ana ayambanso zipere, m'pofunika kuti onse athandizidwe nthawi imodzi: mwana ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, chiweto kwa mlangizi wa ziweto.

Chachisanu ndi chakudya. Ubweya umapangidwa ndi zakudya zomanga thupi. Galu amene amangodya mkute wa nsima ndi gaga, wopanda kanyama, mitu ya usipa kapena soya wophika, ubweya wake umauma, kutuwa ndi kusosoka. Vutoli limakula m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chimachepa ngakhale kwa anthu. Njoka za m'mimba zimawonjezera pamenepo pomulanda galu chochepa chimene wadya. Galu wamkazi woyamwitsa nayenso amathothoka ubweya pakapita mwezi umodzi kapena itatu ataswa, koma umenewu umameranso wokha akamadya mokwanira.

Pali zoyambitsa zina zosafala kwambiri. M'nyengo ya mvula, ntchentche ina imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu la galu n'kupanga zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Galu wokalamba amene akuthothoka mofanana mbali zonse ziwiri, osadzikanda, koma akunenepa ndi kuchita ulesi, vuto lake likhoza kukhala la m'kati mwa thupi, osati la pakhungu. Ndipo chigamba chimodzi chosalala kumsana chikhoza kukhala chipsera cha madzi otentha amene wina anamukhuthulira atamupeza m'khitchini. Pamenepo ubweya sumeranso, ndipo nkhanza yotere siyenera kupezeka m'mudzi.

Mndandandawu ukuonetsa chinthu chimodzi chachikulu: matenda osiyana amaoneka mofanana ndi maso, koma mankhwala ake ndi osiyana. Mankhwala a mphere sachiza zipere, ndipo dibi sathetsa njala. Katswiri wa ziweto amasiyanitsa popala khungu pang'ono kapena kuzula ubweya n'kuuyang'ana pa makina okuza zinthu zing'onozing'ono. Poyambira mwini galu ndi kwa mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake. Kumtunda kwake kuli labotale ya boma ya Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi bungwe losamalira nyama la LSPCA mumzinda womwewo. Anthu a ku Mitundu alinso ndi mwayi wokhala moyandikana ndi Bunda, kumene sukulu ya ukachenjede ya LUANAR imaphunzitsa madokotala a ziweto.

Popita kwa mlangizi, mwini galu akonzeke kufotokoza zinthu zinayi: malo amene ubweya unayambira kuchoka, ngati galu akudzikanda kapena ayi, chakudya chimene amalandira, ndiponso ngati agalu ena kapena anthu pakhomopo ali ndi vuto la khungu. Mayankho amenewa amafupikitsa ntchito yofufuza.

Pali njira zina zozolowereka zimene ziyenera kulekeka. Kupaka galu oyilo wakutha wa galimoto kapena palafini kumawotcha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni. Mankhwala opopera fodya, tomato kapena othira m'chimanga sanapangidwire khungu la chiweto, ndipo akhoza kupha galu ndi kudwalitsa mwana womugwira. Mankhwala enieni monga ivermectin ndi amitraz amagwira ntchito pa mphere, koma mlingo wake umatengera kulemera ndi msinkhu wa galu, choncho aperekedwe ndi mlangizi. Mlingo wa ng'ombe kapena mbuzi si wa galu.

Chithandizo cha mphere chimafuna kudekha. Kachilombo kamatenga milungu iwiri kapena itatu kuchokera pa dzira kufika pokula, kotero mankhwala amabwerezedwa kuti aphenso toswedwa pambuyo. Amene amasiyira pa jekeseni woyamba poona kuti galu wasiya kudzikanda, amayambiranso pakutha pa mwezi. Agalu onse a pakhomo athandizidwe pamodzi, masaka akale ogonera awotchedwe, pogona pazisesedwa, ndipo wogwira galu wodwala azisamba m'manja ndi sopo.

Chomaliza ndi nkhani ya chiwewe. Kuthothoka ubweya si chizindikiro cha chiwewe, ndipo galu wa mphere sayenera kugendedwa pomuganizira matendawa. Koma nkhani ziwirizi zimakumana pa galu wotayidwa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti chiwewe chimaleka kufala ngati agalu 70 mwa 100 alionse alandira katemera, ndipo maiko akulinga zoti pofika 2030 pasakhale munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu. Tsiku la 28 Seputembala chaka chilichonse limakumbutsa zimenezi. Galu aliyense wopirikitsidwa chifukwa cha mphere amachepetsa chiwerengero cha otemeredwa m'mudzi. Ndipo munthu wolumidwa ndi galu aliyense, wa ubweya kapena wopanda, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire ku chipatala tsiku lomwelo.

Pempho kwa mafumu ndi makomiti ndi lakuti nkhaniyi ikambidwe pa mabwalo a m'midzi. Komiti iliyonse ikhoza kulemba makomo amene ali ndi agalu odwala khungu n'kuitana mlangizi tsiku limodzi, kuti mtengo wa mayendedwe ndi mankhwala ugawanidwe. Katemera akalengezedwa, agalu onse apite, odwala ndi abwino omwe. Walira mvula walira matope: amene anafuna mlonda pakhomo avomerenso kumudyetsa ndi kumuchiritsa akadwala.