Mafuta a Pansi pa Nyanja ndi Chimangirizo cha Mwana wa Sukulu

Munthu akaima pamwamba pa phiri la Ntchisi tsiku lopanda nkhungu, nayang'ana kum'maŵa, amaona kamzere konyezimira patali, kuseri kwa zigwa za Nkhotakota. Imeneyo ndiyo Nyanja ya Malaŵi. Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sakhala pa gombe, komatu usipa umene amadyera nsima pa Mponela, pa Madisi ndi pa boma la Ntchisi umachokera komweko. Motero nkhani ya mafuta a pansi pa nyanja ndi yawo ndithu, monganso ili ya asodzi a ku Salima.

Pa sukulu ina ya sekondale m'mapiri a Dowa, aphunzitsi a mbiri yakale anauza mtsikana wa Folomu 4 kuti alembe chimangirizo cha masamba 5 chonena za mafuta a pansi pa nthaka ndi ziphuphu m'boma. Mwanayo anaona ngati ntchito yochepa. Atafika kunyumba anafunsa amalume ake, amene saphonya nkhani za pa wailesi, ndipo iwo sanazengereze. "Lemba kuti onse aja anadya," anatero. "Ndani sadziŵa zimenezo?" Usiku womwewo iye anadzaza masamba aŵiri. M'maŵa mwake aphunzitsi anamubwezera pepala lija atalemba mau aŵiri okha m'mbali mwa ndime iliyonse ndi inki yofiira: "Wadziŵa bwanji?"

"Pepani aphunzitsi, anthu onse amatero," anayankha motsitsa mau.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, mwana wanga. Pita ukafufuze."

Laibulale ya pa sukulupo inalibe buku la nkhaniyi. Chimene chinamuthandiza ndi nyuzipepala zakale ndi lamya ya m'manja ya aphunzitsiwo, imene ankaŵerengerapo pa intaneti ana ena ataŵeruka. Pang'onopang'ono anasanja zochitika monga mwa zaka zake. Lamulo loyendetsa ntchito yofufuza ndi kukumba mafuta m'dziko muno linakhazikitsidwa m'chaka cha 1983. Boma linagaŵa dziko m'zigawo 6 zofufuzamo mafuta, kuyambira kumpoto, kutsata nyanja, mpaka ku chigwa cha Shire. M'chaka cha 2011, pa ulamuliro wa Pulezidenti Bingu wa Mutharika, kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream Petroleum inalandira chilolezo cha zigawo ziŵiri za pa nyanja, ndipo chaka chotsatira mkangano wakale wa malire pakati pa Malaŵi ndi Tanzania unabukanso. M'chaka cha 2013, pa ulamuliro wa Mayi Joyce Banda, zilolezo zina zinapita kwa RAK Gas ya ku United Arab Emirates ndi kwa Pacific Oil.

Tsiku limene mtsikanayo analizungulira ndi pensulo ndi la 12 May 2014. Pa tsikuli boma linasaina mapangano a kagaŵidwe ka phindu ndi makampani aŵiriwo, kutangotsala masiku 8 kuti anthu akaponye voti pa chisankho cha pa 20 May. Pangano lotere si lamaseŵera. Ndilo limanena kuti mafuta akadzapezeka, kampani idzayamba yabweza ndalama zingati zimene inaononga, ndipo pa zotsalazo boma lidzatengapo gawo lanji. Limamanga dziko kwa zaka zambiri, ngakhale olisainawo atachoka pa mipando. Nanga changu chinali cha chiyani, pamene ndi mgolo umodzi womwe wa mafuta unali usanatungidwe?

Boma latsopano la Pulezidenti Peter Mutharika linaimitsa zilolezo zonse mu November 2014 kuti ziunikidwe. Mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo, Bambo Kalekeni Kaphale, anaziunika, ndipo limodzi mwa mafunso amene anabuka linali lakuti kodi makampani ena a maina osiyana sanali a eni amodzi, popeza malamulo sankalola kampani imodzi kutenga zigawo zoyandikana zoposa ziŵiri. M'chaka cha 2016 chiletso chija chinachotsedwa. M'chaka cha 2017 bungwe la Oxfam linatulutsa lipoti lofotokoza mmene mapanganowo anasainidwira, ndiponso ndalama zimene kampani imodzi inapereka m'dziko muno cha pa nthaŵi yomweyo m'dzina la kuthandiza anthu. Mabungwe anapempha bungwe lolimbana ndi katangale la Anti-Corruption Bureau kuti lifufuze.

Apa mtsikanayo anaganiza kuti wagwira mbala. Aphunzitsi anapukusa mutu. Lipoti limafunsa mafunso, anatero, koma chigamulo chimachokera ku bwalo la milandu. Kenaka anamuuza kuti aŵerenge za mlandu wina wa zaka 100 zapitazo, kuti aone mmene chiphuphu chimaonekera chikatsimikizika.

Mlanduwo ndi wa Teapot Dome, ku America. Dzinali ndi la malo ena m'chigawo cha Wyoming, pamene panali thanthwe looneka ngati tipoti. Boma linasunga mafuta a pamalopo, ndi a ku Elk Hills m'chigawo cha California, kuti adzathandize zombo za nkhondo pa nthaŵi ya mavuto. M'chaka cha 1921 Pulezidenti Warren Harding anachotsa malowo m'manja mwa akuluakulu a zombo nawapereka ku unduna wa Albert Fall, nduna yoyang'anira malo a boma. M'chaka cha 1922 Fall anabwereketsa Teapot Dome kwa Harry Sinclair, ndi Elk Hills kwa Edward Doheny, mwakachetechete, osalola makampani ena kupikisana nawo pa mtengo.

Chinamuulula Fall si pepala la mu ofesi ayi. Anali ndi famu ya ng'ombe ku New Mexico imene inali itafooka, misonkho yake yosalipidwa kwa zaka zingapo. Mwadzidzidzi analipira misonkho yonse, nagula malo oyandikana nawo, nayamba kukonza famuyo. Anthu a kumudzi angamve msanga zimenezi, pakuti nyumba ya udzu ikasanduka ya malata chaka chimene mwini wake sanagulitse fodya, mudzi wonse umafunsana. Phungu wa Nyumba ya Malamulo, Thomas Walsh, anatsata funso limodzi lokha mosatopa: ndalamazo zachokera kuti? Potsiriza Doheny anavomera kuti mu November 1921 anatumiza mwana wake kukapereka madola 100,000 kwa Fall m'kachikwama kakuda, koma anati inali ngongole ya pa chibwenzi. Kwa Sinclair kunachokera chuma china cha madola pafupifupi 300,000.

Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo milanduyi inatengadi zaka. M'chaka cha 1927 bwalo lalikulu la dzikolo linafafaniza mapangano onse aŵiri. M'chaka cha 1929 Fall anapezeka wolakwa pa mlandu wolandira chiphuphu, nalamulidwa kukhala m'ndende chaka chimodzi ndi kulipira madola 100,000. Iye ndiye nduna yoyamba ya dzikolo kuloŵa m'ndende chifukwa cha zimene anachita ali pa udindo. Chodabwitsa nchakuti m'chaka cha 1930 bwalo linamasula Doheny pa mlandu wopereka chiphuphu chomwecho. Wolandira anamangidwa, wopereka anapita kwawo. Sinclair anakhalako m'ndende miyezi 6, koma pa milandu yokana kuyankha mafunso a aphungu ndi kuzonda anthu oweruza mlandu wake.

Mtsikana uja analembanso chimangirizo chake kuyambira pachiyambi. Pa nkhani ya ku America analemba mau akuti "chiphuphu" mosaopa, popeza bwalo linatero. Pa nkhani ya kwathu kuno analemba masiku, maina a makampani ndi zimene lipoti linanena, naonetsa poyera mau amene anali a lipoti ndi amene anali ake. Anaonjezapo ndime ina imene aphunzitsi sanamuuze. Anafotokoza kuti Nyanja ya Malaŵi ili ndi mtsinje umodzi wokha wotulutsa madzi, ndiwo Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, kotero kuti mafuta atatayikiramo sangakokoloke msanga monga achitira pa mtsinje. Analembanso kuti kuyambira pa 30 September 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito, ndipo mwana wa sukulu wa ku Dowa angathe kulembera unduna kupempha kuona pangano limene linasainidwa m'dzina lake.

Loŵeruka lotsatira anaŵerengera amalume ake chimangirizo chonse pakhonde. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula mau, kenaka anafunsa kuti, "Nanga kalata ya ku undunayo, walemba?" Mtsikanayo anati sanalembe. Amalumewo analoŵa m'nyumba, natuluka ndi envulopu ndi ndalama ya sitampa.