KUTHIRA MANYOWA MITENGO YA NGOLE

Nkhani ya madzulo ano ndi ya mtengo wa ngole, umene ena amautcha mnazi kapena kokonati. Mtengowu umabzalidwa kwambiri m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambique, makamaka kuzungulira Quelimane, ndipo umapezekanso apo ndi apo m'madera otentha a m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi. Anthu ambiri amauyesa ngati mgwalangwa wa kutchire, umene umadzikulira wokha. Koma mtengo umene munthu amathyolako zipatso mwezi ndi mwezi uyenera kudyetsedwa.

Chakudya chimene ngole imafuna koposa ndicho potashi, ndipo gawo lalikulu la potashi wa m'chipatso limakhala m'makoko ake. Chotero mlimi amene amatuta makoko kukasonkhera moto kumudzi akusamutsa chonde cha munda wake. Mtengo wosowa potashi umadziwika ndi masamba akale a m'munsi, amene amachita mawanga achikasu nayamba kuuma kunsonga, zipatso nazo n'kumachepa.

Ngole ilibe muzu waukulu wolowa pansi. Mizu yambiri yoyamwa chakudya imakhala pafupi, osapitirira mamita 2 kuchokera pa tsinde. Mvula yoyamba ikagwa, mlimi akumbe ngalande yosazama mozungulira mtengo pa malire amenewo, athiremo phulusa ndi manyowa owola bwino a ng'ombe kapena a mbuzi, makilogalamu 25 kufikira 50, ndipo akwirire. Pamwamba pake avundikirepo makoko aja, kuti asunge chinyontho m'chilimwe ndi kubweza potashi pamene akuwola. Manyowa asasiyidwe pa mulu pafupi ndi mitengo, pakuti m'menemo mumaswana chikumbu cha nyanga chimene chimaboola mtima wa ngole.

Amene angathe kugula feteleza wa potashi apatse mtengo wobala makilogalamu 2 pa chaka, theka poyamba pa dzinja ndi theka lina mvula isanathe. Ku Philippines alimi okhala kutali ndi nyanja amathiranso mchere wamba, kilogalamu imodzi kapena awiri pa mtengo, popeza ngole imaufuna.

Chimene chimagwetsa ambiri ulesi ndi ichi: ngole imachedwa kubweza. Duwa lake limayamba kupangika mkati mwa mtengo zaka ziwiri ndi miyezi ina lisanaonekere, ndipo likatseguka pamapita miyezi ngati 12 kuti chipatso chikhwime. Motero manyowa a chaka chino phindu lake lenileni lidzaoneka m'chaka chachitatu, ndiponso njala ya chaka chino idzaoneka nthawi yomweyo. Mlimi amene amathira kamodzi n'kuleka, nanena kuti manyowa alibe ntchito, waleka phindu lili pafupi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe si chikasu chonse chimene chili cha njala. Ku Zambézia kuli nthenda yofalitsidwa ndi tizilombo touluka imene yapha mitengo yochuluka. Zipatso zazikulu ndi zazing'ono zimayoyoka, maluwa amada, masamba amachita chikasu kukwera m'mwamba, ndipo mtengo umafa m'miyezi yochepa. Nthendayi manyowa saichiza. Mwini munda akaona zotere akauze mlangizi wa zaulimi msanga.

Ngole yaitali imayamba kubala ikakwana zaka 6 kufikira 10, ndipo ikasamalidwa imabala zaka 60 kapena kupitirira. Amene aidyetsa chaka ndi chaka akusungira adzukulu ake chuma.