MLENDO WOGWIRA KHASU M'DZIKO LA ENI

Bambo wina wa ku Mufulira watilembera kalata. Mwana wace afuna kupita yekha kutsidya la nyanja, kukakhala miyezi yambiri pa nyumba za anthu osawadziwa ndi kumawagwirira nchito popanda malipiro. Bamboyo afunsa ngati umenewu si ukapolo.

Mwambowu unayamba ku England m'caka ca 1971. Mai wina, Sue Coppard, amene anali mlembi mu London, analakalaka mpweya wa ku midzi, ndipo anapangana ndi a pa munda wina ku Sussex kuti iye ndi anzace akawathandize kulima pa Loweruka ndi pa Sondo, iwo nawapatsa cakudya ndi pogona. Bungwe limene linabadwa pamenepo, WWOOF, lero liri m'maiko ambiri, ndipo pali ena onga Workaway ndi HelpX, kumene mwini nyumba ndi mlendo amapezana pa intaneti. Kawirikawiri mlendo amagwira maora 4 kufikira 6 pa tsiku. Akuluakulu amene akumbukira phoso la m'komboni adzati anazionapo kale, koma pa mgodi panali ndarama pamwamba pa phoso. Apa ndarama palibe.

Inenso ndinayesa. Ndiri pa maphunziro ku England, ndinakhala miyezi itatu ya chuti pa munda wa nkhalamba ziwiri kumpoto kwa Wales. Nchito siinandibvute: kupalira mbatata, kudyetsa nkhuku, kukonza mpanda wa nkhosa. Cimene cinandibvuta cinali kusadziwa kuti ndine yani m'nyumbamo. Kwathu timati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Nanga mlendo wa miyezi itatu? Wanchito amaweruka napita kwao, koma ine ndinali kuweruka ndi kukakhala pa tebulo limodzi ndi ondilemba nchito.

Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndifuna kuonjezera cakudya. Ndinakana mwaulemu, monga tinaleredwera, poyembekeza kuti adzandikakamiza. Iwo anangocotsa mbale, ine ndinagona ndi njala. Anandiuzanso kuti ndiziwaitana ndi maina ao, anthu a msinkhu wa agogo anga! Lilime linakana kwa mwezi wathunthu.

Mlungu wacitatu ndiwo unandilemera koposa. Zacilendo zonse zinali zitatha kukoma, dzuwa linali kulowa 9 koloko itapitirira, ndipo eni nyumba, akatopa ndi Cingerezi, anali kuceza m'cinenero cao ca Welsh, ine ndiri duu. Ndinaganiza zosamukira kwina. Ambiri amatero, mlungu uno pano, mlungu wamawa apo, ndipo caka cimatha ali alendo ponseponse. Ine ndinakhala, makamaka cifukwa ndarama ya sitima inali yocepa. Pa Sondo ndinapita nao ku chalichi, ndipo ngakhale mau sindinawamve, maimbidwe a nyimbo ina anali omwe aja tinali kuyimba pa mishoni. Pambuyo pace ndinapempha kuti ndiziphika Lacisanu liri lonse. Mwezi waciwiri usanathe, anandisiyira makiyi ndi nkhosa zonse napita kukaona mwana wao.

Tsono, bambo a ku Mufulira, kuti ukhale ukapolo kapena ai, zimaoneka mwana asananyamuke. Alemberane ndi eni nyumba, amvane za maora, masiku opumula, cipinda ndi cakudya, ndipo awerenge zimene alendo ena analemba za nyumbayo. Afunsenso za lamulo, pakuti maiko ambiri amawerenga kugwirira cakudya ndi pogona ngati nchito yeniyeni. Ku New Zealand pamafunika viza ya nchito. Ku Britain wolowa monga mlendo aloledwa kuthandiza kwaulere bungwe lacifundo lolembetsedwa ku boma masiku 30 okha. M'maiko a Schengen viza ya mlendo siipitirira masiku 90 mwa masiku 180. Wonama pa cipata angathe kubwezedwa tsiku lomwelo.

Pasipoti yace asapatse munthu ali yense kuti amsungire, ndipo ndarama yobwerera aisunge payokha, asaikhudze ngakhale nsapato zitang'ambika. Inu mumpemphe keyala ya nyumba iri yonse imene adzagonamo, ndipo mupangane tsiku la pa mlungu limene muzimva mau ace.